Kathabwa ka Amayi Kamayenda Chokwera

Chaka chimene ndinali mu giredi leveni sindinkakhazikika. Ndikatsegula buku langa lolembamo za tsiku ndi tsiku la nthawi imeneyo, ndimaona kuti ngakhale zilembo zanga zinkathamanga, mizere yonse yopendekera kumanja. Pafupifupi tsamba lililonse likunena za chinthu chimodzi: kamzere ka m'mbali mwa zenera la pa kompyuta, kamene munthu amakoka kuti mawu obisika pansi aonekere. Madamu amene ankatiphunzitsa za makompyuta ankakatchula kuti sikirolobaa. Ife tinkangoti ngalande ndi kathabwa, chifukwa ndi mmene kamaonekera: ngalande yoimirira, mkati mwake muli kathabwa kotsetsereka.

Ndiyambe ndi amayi anga, chifukwa popanda iwo kathabwako sindikanakalabadira n'komwe.

Amayi anali mphunzitsi wa pulaimale kwathu, kufupi ndi Sinda, mpaka pamene maso anayamba kuwavuta. Anasiya choko n'kupita kumunda wa nshawa ndi soya kumene atate anali kale. Chimene sanasiye ndi kuphunzitsa amayi anzawo a mumpingo. Pa misonkhano ikuluikulu, amayi ochokera m'mipingo yosiyanasiyana akakumana atavala zoyera ndi zakuda, amayi anga ndiwo ankaimirira kutsogolo ndi phunziro lolemba okha. Ankalilemba kwa milungu ingapo, kufufuta, kulembanso. Za m'mutu sankafuna. Ankati munthu wolankhula za m'mutu amazungulira ngati mbuzi yapachingwe, udzu womwewo, udzu womwewo.

Chaka cham'mbuyo mwake, pa msonkhano wa ku Mkaika, anasochera papepala. Ndinalipo. Anadzutsa mutu kuti ayang'ane anthu, ndipo pobwezera maso papepala mzere unali utawathawa. Anayandikitsa pepala kumaso, kulitalikitsa, kuliyandikitsanso. M'tchalitchi monse munali zii. Kenako wina anayambitsa nyimbo kuti awaphimbe, ndipo amayi anakhala pansi phunziro lisanathe. Magalasi anali nawo, koma a kuchipatala anali atanena kale kuti vuto lawolo magalasi amangolichepetsa. Pobwerera, m'minibasi, anandiuza akuyang'ana panja kuti ayesanso kamodzi kokha, pa msonkhano wa ku Vubwi mu Ogasiti, ndipo zikachitikanso asiyira ena. Wodzasiyiridwayo ankadziwika kale: anesi a pa kiliniki ya kwathu, mayi wachitsikana wa mawu omveka bwino, amene amayi ankamukonda ndithu. Vuto silinali anesiwo. Vuto linali loti ine ndinkawadziwa amayi anga. Kuimirira kutsogolo kuja ndiko kunali kalasi yawo yomaliza.

Tinayesa kuika phunziro pa foni. Zilembo tikazikulitsa kuti aziona, pankatsala mawu owerengeka okha. Amalume anga, amene amachita malonda a m'malire ku Vubwi, atamva anatumiza laputopu yawo yakale, yolemera ngati mtondo, pamodzi ndi mausi yoyendetsera kamuvi pa sikirini, imene kagudumu kake kanafa kale. Ndinayesa kulemba phunziro lakale mu pulogalamu wamba yolembera. Amayi atakhala pansi kuti awerenge, mkono wawo unakhudza mabatani ndipo ndime yonse inazimirira. Ndinaibweza, koma iwo anali ataona. Kuyambira tsiku limenelo ankayala kansalu pamabatani onse asanayandikire, ndipo ananenetsa kuti sadzadina batani lililonse pamaso pa anthu.

Temu yachiwiri kusukulu yathu yogonera komweko, ku Katete, Madamu anayamba kutiphunzitsa kupanga mazenera athuathu. Ulemba mizere ingapo ya malangizo, uuza kompyuta kuti iwatsate, zenera n'kutulukira. Anzanga ankapanga tomakakyuleta ndi mabatani osintha mitundu. Ine tsiku loyamba lomwelo ndinadziwa chimene ndikufuna: zenera lopanda china chilichonse koma mawu akuluakulu osafufutika, ndi ngalande imodzi m'mbali.

Kunena n'kosavuta. Makompyuta anali ochepa kuposa ife, moti tinkakhalirana pabenchi, wina akulemba, ena akumuuza zolakwa zake. Magetsi ankathima nthawi imene afuna. Tsiku lina anathima ndisanasunge ntchito yanga, ndipo ndinatuluka n'kuzungulira bwalo la mpira mpaka belu la chakudya litalira. Ndinayamba kulemba malangizo anga kumapeto kwa makope a maphunziro ena. Aphunzitsi a kemisitiri akufotokoza za asidi, ine phazi likugwedezeka pansi pa desiki, ndikuwerengera maola otsala kuti chipinda cha makompyuta chitsegulidwe. Mnzanga wa pabenchi, mtsikana wa m'tauni ya Katete momwemo, wakamwa losatopa, ankati kukhala nane kuli ngati kukhala pafupi ndi chigayo.

Zenera linabwera. Mawu akuluakulu anabwera, oyera pamalo akuda, ndipo ndinawatseka kuti asafufutike. Ndinalemba mzere woitana ngalande, nayonso inabwera, n'kuima kumanja mwaulemu. Ndinadina timivi take, kamodzi m'mwamba, kamodzi pansi. Palibe chinasuntha.

Madamu anayang'ana paphewa panga n'kunena kuti ngalandeyo sikudziwa kuti padziko pali mawu anga. Kuyandikana si kudziwana. Ndiyenera kuiuza kuti ikakhudzidwa izilamula ndani. Ndinalemba zimenezo, ndipo mawu anayamba kusuntha ndikadina timivi. Ndinatsala pang'ono kuimirira. Koma kathabwa kanali katadzaza ngalande yonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi, osasuntha, ngati kakunena kuti zonse zoti n'kuona zaoneka kale.

Ndinavutika nako mlungu wonse ndisanafunse, chifukwa ndinkachita manyazi kuitananso Madamu. Nditawaitana sanakhudze n'komwe mausi.

"Wauza kathabwa kuti kazilamula mawu," anatero. "Nanga mawuwo wawauza kuti azibweza yankho?"

Anandifotokozera kuti mawu akasuntha ayenera kuuza ngalande manambala awiri: pamene gawo looneka likuyambira ndi pamene likuthera. Chiyambi cha nkhani yonse ndi ziro, mapeto ake ndi nambala wanu (1), zina zonse zili pakati. Kathabwa kakamva manambala awiriwo ndi pamene kamadziwa poima, ndiponso kutalika kwake. Nkhani ikakhala yaitali kamafupika, ikakhala yaifupi kamatalika.

"Ndiye kuti ukwati wakowu uli ndi nkhoswe ya kuchimuna yokha," anatero mnzanga uja. "Akuchikazi sanauzidwe. Ukutha uwu, sisi."

Madamu anaseka mpaka kugwira tebulo. Ine ndinali nditayamba kale kulemba. Nditamaliza, kathabwa kanafupika n'kukwera pamwamba, ndipo nditakakoka, mawu anatsatira. M'buku langa tsiku limenelo ndinalemba mawu amodzi okha ndi zilembo zodzaza tsamba: KAYENDA.

Sukulu itatsekera ndinakwera minibasi ya ku Sinda, fulashi yosungiramo ntchito yanga nditaimanga pakona ya chitenje. Njira yonse ndinkaigwiragwira kuti ndione ngati ilipo. Kunyumba inali nyengo yoswa nshawa. Amayi ankakhala pamphasa, lichero pamiyendo, akundiuza phunziro lawo mawu ndi mawu, ine ndikulemba pa laputopu imene tinkaipatsa moto kuchokera ku sola ya atate. Phunzirolo linali la kulandira alendo. Ankasintha mawu pafupipafupi, ndipo ndikadandaula ankati makina si ndiwo amati satopa.

Tsiku loyesa, anayala kansalu kawo pamabatani, n'kupukuta manja. Mawu anawaona bwinobwino, anawerenga ndime yoyamba mokweza osaphonya. Koma ngalande sanaione. Inali yopyapyala, yotuwa, yofanana ndi m'mphepete mwa laputopu. Ndinaikulitsa mpaka inafanana ndi zala ziwiri. Ndinayesa kuisintha mtundu kuti ikhale yofiira, koma laputopu ya amalume inakana, ngakhale ndinalemba zimene ndinkakhulupirira kuti n'zolondola. Nditatopa ndinapempha atate tepi yofiira imene amakulungira mawaya a sola, n'kuimata papulasitiki wa m'mphepete mwa sikirini, motsatira ngalande, kuti diso la amayi lizidziwa kolowera. Tepiyo inali itatsala pang'ono, choncho ndinalumikiza zidutswa ziwiri. Polumikizirapo, chapakati, panatupa pang'ono. Zinandinyansa, koma ina panalibe.

Ndinawauza kuti angathe kumangodina kamuvi, mawu n'kumasuntha mzere umodzi umodzi. Anakana. Anati akagwira mapepala, chala chawo chachikulu chimamva kuti atsala angati, ndipo ndi mmene amadziwira pofulumira ndi podekha. Ankafuna kugwira kathabwa kenikeniko kuti aziona ulendo wotsala. Ndinasangalala kumva zimenezo, chifukwa ndiyo ntchito yake.

Ndiye anafika kumapeto kwa ndime yoyamba, n'kuika kamuvi ka mausi pakathabwa monga ndinawaonetsera, n'kukankhira m'mwamba.

Kathabwa kanali kale pamwamba penipeni, ndiye palibe chinachitika. Ndinawauza kuti akokere pansi. Anakokera pansi, mawu n'kukwera, n'kuwerenga. Pa ndime yotsatira dzanja linakankhiranso m'mwamba, ndipo mawu amene anali atawerenga kale anabwerera. Tinayambanso. Mawa lake chimodzimodzi. Akaganizira, ankakokera pansi. Koma mtima ukangolowa m'phunziro, mawu awo n'kuyamba kutentha monga amachitira pamaso pa anthu, dzanja linkachita zake.

"Amayi, pansi. Ndati pansi."

"Ine ndikufuna mawu akwere. Ndiwakokere pansi bwanji?"

Sikuti anali ouma mutu. Chinthu chokhacho chowala chimene dzanja lawo linkachidziwa chinali foni, ndipo pa foni umakankha mawu m'mwamba ndi chala kuti ena atulukire pansi. Makina awo osokera nawonso ndi momwemo, nsalu umaikankhira kutsogolo. Ndinayesa kufotokoza kuti kathabwa si mawu, kali ngati munthu amene akutsika makwerero akuyang'ana pakhoma. Anandifunsa kuti munthuyo ndani, ndipo akufunanji m'phunziro lawo. Tsiku lina mawu anga anakwera kuposa mmene mwana amalankhulira ndi amake. Anatseka laputopu pang'onopang'ono, n'kupinda kansalu, n'kutenga lichero kupita kukapeta kuseri kwa nkhokwe. Madzulo ake ndinawamva akuuza atate m'Chinsenga, chimene amalankhula akafuna kuti nkhani ikhale ya awiri, kuti mwina ndi bwino kuwauziratu anesi kuti akonzeke. Anaiwala kuti Chinsenga ndinachiyamwa kwa atate omwewo.

Sindinathe kukhala pansi. Ndinasesa pabwalo posesedwa kale. Ndinapita kudimba, kubwerako, kupitanso. Kenako ndinakwera pachulu cha kuseri kwa khola, pamene netiweki imagwira, n'kuimbira Madamu ndi foni ya atate. Ndinapepesa powasokoneza patchuthi, n'kuwafunsa ngati n'zotheka kutembenuza ngalande kuti kathabwa kazikwera nkhani ikamapita kutsogolo.

Anati n'zotheka, koma ndisachite. Anati anthu onse amene anagwirapo kompyuta manja awo anazolowera njira imodzi, ndipo chinthu choyenda mosiyana ndi zinzake chimadzagwetsa munthu tsiku lina. Anandiuza kuti ndileze mtima, amayi ndi mphunzitsi, aphunzira. Ndinavomera mwaulemu, ndipo ndinayesadi kuwaphunzitsanso. Koma masiku ankatha, amayi a kwathu anali atayamba kale kusonkha ufa ndi nyemba za paulendo, ndipo dzanja la amayi linkakwerabe.

Ndinatembenuza ndekha, m'mawa wina amayi atapita kukaona wodwala. Ndinaganiza motere: ngati chiyambi ndi ziro ndipo mapeto ndi wanu, ndiye kuti ndiike kamthenga pakati, kolandira nambala yochokera ku kathabwa n'kuichotsa pa wanu kasanaipereke kwa mawu. Ndinalemba, kulakwitsa, kukonza. Nditayesa, mawu anayendadi mmene amayi ankafunira, koma kathabwa kanachita misala. Ndikakakankhira m'mwamba kankathawira pansi, kuchoka m'dzanja langa ngati nkhuku yokana kugwidwa. Ndinatuluka panja, kuzungulira nyumba, kulowanso. Ndili pakhomo ndinamva mawu a mnzanga uja m'mutu: akuchikazi sanauzidwe. Ndinali nditatembenuza lamulo lopita, yankho lobwera n'kulisiya mmene linalili. Ndinaika kamthenga kachiwiri kotembenuza manambala awiri aja pobwerera. Pamenepo ndinazindikiranso kuti pochotsa ndiyenera kuwerengera kutalika kwa kathabwako, apo ayi mizere yoyambirira imadumphidwa. Dzuwa linali litafika pamutu pamene zonse zinagwirizana. Kathabwa kanakhala pansi penipeni pa ngalande, mawu a moni ali pa sikirini.

Amayi atabwera sindinawauze kanthu. Ndinangowapempha kuti ayesenso kamodzi chifukwa cha ine. Anapuma mozama, n'kuyala kansalu. Anawerenga, n'kukankhira m'mwamba, mawu n'kukwera. Anaima. Anakankhanso pang'ono.

"Eya," anatero. "Tsopano kamva."

Anawerenga phunziro lonse mpaka kumapeto, kathabwa kakukwera motsatira tepi yofiira ija. Masiku otsalawo ankayeserera m'mawa uliwonse, ine nditakhala pafupi.

Ku Vubwi tinapita pa lole ya kanta, amayi a kwathu atadzaza kumbuyo pamodzi ndi mitolo ndi mapoto. Tinadutsa Katete, n'kusiya tala, n'kulowa m'fumbi. Laputopu ndinaikulunga m'zitenje ziwiri n'kuikumbatira, ndipo galimoto ikagunda dzenje ndinkainyamula m'mwamba ngati khanda. Amayi ena ankandiseka kuti ndabereka msanga. Batire ya laputopuyo sinkakhalitsa, choncho titafika ndinathamangira kushopu ya amalume kukaidzaza, n'kukhala pomwepo kuilondera, ndikumvera makasitomala olankhula Chichewa cha ku Malawi ndi cha ku Mozambiki akutsutsana za feteleza. Amalume anandiuza kuti ndikhale pansi, ndikuwathamangitsira anthu.

Tsiku la phunziro ndinalowa m'tchalitchi anthu asanadze. Kuwala kwa pawindo kunkagwera pa sikirini, ndiye ndinakoka tebulo mpaka pamthunzi. Ndinayala kansalu, kuika mausi kumanja, kutsegula zenera langa. Kenako ndinapita kumalo anga. Mtsikana wosavala yunifomu sakhala kutsogolo pa msonkhano wa amayi, ndiponso sayendayenda popanda kuitanidwa. Ndinakhala pansi m'mbali mwa khoma ndi atsikana ena amene tinabwera kudzatunga madzi ndi kutsuka mbale. Kuchokera pamenepo sikirini ndinkaiona chammbali. Pampando woyandikana ndi tebulo panakhala anesi, chifukwa ndiwo ankalengeza ndondomeko.

Amayi anayamba bwino. Mawu awo anali a m'kalasi, osathamanga. Kathabwa kanayamba kukwera. Ndinkakatsatira ndi maso.

Pali chizolowezi chimene amayi ali nacho chimene sindinachiganizire. Pakati pa phunziro amasiya zolemba, n'kuyenda kutsogolo kwa anthu, n'kufunsa funso kuti amayi ayankhe. Anachitadi zomwezo. Anafunsa kuti mlendo akafika nthawi ya njala, ndiwo zili zochepa, amayamba kudya ndani. M'tchalitchi munadzuka phokoso, wina akuti ana, wina akuti mlendo, mayi wina wa ku Vubwi komweko n'kunena kuti zimadalira ngati mlendoyo ndi wa kuchimuna. Anthu anaseka nthawi yaitali. Nthawi yonseyo laputopu inali yosakhudzidwa, ndipo sikirini inachita mdima kuti isunge batire.

Anesi anaona. Anatambasula dzanja n'kugwedeza mausi, kuwala n'kubwerera. Mpaka pamenepo anandithandiza. Koma iwo amagwira kompyuta tsiku ndi tsiku ku kiliniki, ndipo anaona kuti ndime imene inali pa sikirini amayi anali ataimaliza. Pofuna kuwakonzera yotsatira, anagwira kathabwa n'kukokera pansi. Mawu anabwerera m'mbuyo. Anadabwa, n'kukokeranso pansi kwambiri, monga angachitire aliyense. Kathabwa kanagunda pansi penipeni. Amayi anali atatembenuka kale, akubwera.

Ndinadzuka theka. Mayi wina wachikulire amene anali pabenchi pafupi nane anagwira chitenje changa n'kundikhazika pansi osandiyang'ana n'komwe. Mawu a Madamu a pachulu paja anandibwerera onse.

Amayi anafika patebulo, n'kuwerama, n'kuyamba kuwerenga. Anatchula mawu oyamba a moni, n'kuima. Zii uja wa ku Mkaika analowa m'tchalitchi, yemweyo. Anesi anali atagwira pakamwa. Kumbuyo wina anakonza kukhosi, ndipo ndinadziwa kuti nyimbo ikubwera.

Amayi anakweza dzanja lamanzere osadzutsa mutu.

"Musayimbe."

Dzanja lamanja linapeza mausi. Anayang'ana m'mbali, kumene kuli tepi, n'kugwira kathabwa pansi paja, n'kukakankha m'mwamba pang'onopang'ono. Mawu ankadutsa, iwo osawawerenga. Diso lawo linali pa tepi. Anakaimika potupa paja, polumikizira zidutswa ziwiri, n'kuyang'ana mawu. Anakankhanso pang'ono. Kenako anawongoka.

"Moni ndinakupatsani kale," anatero. "Wachiwiri mulipira."

Anthu anaseka, ndipo kuseka kusanathe iwo anali atalowa kale m'ndime yotsatira, ya mlendo ndi ndiwo zochepa. Zotsalazo sindinazimve bwino. Ndinkangoyang'ana kathabwa kakukwera mpaka kanafika pamwamba, amayi n'kunena ameni, n'kupinda kansalu kawo.

Pambuyo pake, kuseri kwa tchalitchi kumene tinkatsuka mbale, anesi anabwera akupepesa mobwerezabwereza, akuti sakumvetsa chimene chinachitika, anangofuna kuthandiza. Amayi anawagwira dzanja n'kuwauza kuti mlandu si wawo, kanthuko kali ngati ng'ombe yapangolo yozolowera mwini wake, wina akaikuwira imapita kumene ikufuna. Ndinawafunsa kuti anadziwa bwanji pokaimika. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. Anati masiku onse oyeserera aja, funso lawo linkagwera pamene kathabwa kafika potupa pa tepi, ndipo ankachita kudikira pamenepo ngati podikirira minibasi. Ine amene ndinamata tepiyo sindinazione.

Kenako anandiuza kuti ndipukute manja, nditenge laputopu, ndiwaonetse anesi mmene kathabwa kamayendera.

"Chaka chamawa akhalanso pafupi ndi tebulo," anatero. "Asadzandibwezerenso ku moni."

Anesi anaseka. Ine ndinamva mawu oti chaka chamawa, ndipo ndinayenda mpaka ku mjigo ndi ndowa yodzaza kale.

Sukulu itatsegulira ndinawauza Madamu zonse, osabisa za anesi. Anati anandiuza. Ndinavomera kuti anandiuzadi. Kenako anakoka mpando n'kunena kuti ndiwaonetse timithenga tanga tiwiri tija. Anawerenga, n'kukonza pamodzi pamene ndinazungulira mosafunikira, n'kundiuza kuti pulogalamu yokapereka ku mayeso ikhale yoyenda monga za anthu onse, ndipo ya amayi ndilembe pamwamba pake ndi zilembo zooneka kuti kathabwa aka kamayenda chokwera. Mnzanga uja anati ndilembenso kuti chenjerani ndi agalu.

Ndinachita zonse ziwiri, kupatula za agaluzo. Pa fulashi yanga mpaka lero pali mazenera awiri, ndipo nthawi zina ndikachokera kunyumba dzanja langa limasokonezeka pa makompyuta a kusukulu, n'kukankhira m'mwamba anzanga akuona.

Maso a amayi sanasiye kuchepa mphamvu. Tchuthi chilichonse amandipempha kuti ndikulitseko zilembo, ndipo ndimakulitsa. Koma zilembo zikakula, mawu okwana pa sikirini amachepa, nkhani imakhala ngati yatalika, ndipo kathabwa kamafupika. Pa Khirisimasi kanali katatsala ngati njere ya nyemba, amayi akukasakasaka ndi kamuvi. Madamu akuti pali njira yokaletsa kufupika kupyola pamene ndafuna, mwina pojambula ngalande yangayanga m'malo mogwiritsa ntchito yopangidwa kale, ndipo pamenepo ndingathenso kuipatsa mtundu wofiira popanda tepi. Amayi akuti tepi yawo ndisaichotse. Ndayamba kale kulemba malangizo ake kumapeto kwa kope la bayoloje, ndipo mnzanga wasamukira kumapeto kwa benchi, akuti chigayo chayambanso.